Chiponde cha Lufeyo

Anzanga akamakumbukira agogo awo amatchula zomwe ankapatsidwa, mbatata yootcha kapena nthochi zovundikidwa mumtsuko. Ine ndikakumbukira Anachisale, mayi awo a amayi anga, ndimamva fungo la chinthu chimene sanandilawitsepo, fungo la mtedza wosinja wosakaniza ndi mkaka ndi shuga, lomwe linkawakanirira m'zala ngakhale asambe ndi sopo, n'kumandipeza pamphasa akamandifunditsa.

Chinali chiponde, chija chimabwera m'timapaketi tonyezimira kuchokera kuchipatala cha ku Chifunga, cha ana onyentchera okhaokha. Agogo anali a zaumoyo a m'mudzi mwathu. Sukulu sanapite nayo patali, koma anthu anawasankha chifukwa cha miyendo ndi pakamwa. Phiri sankaliopa, ndipo munthu wonama kuti wamwa mankhwala ankamuuza pamaso pomwepo. Kwathu mvula ikagwa msewu umasanduka phala, galimoto osafika, choncho kwa anthu ambiri chipatala chinali agogowo ndi kachikwama kawo. Nkhuku zikangotsika ankasesa pabwalo, kukoleza moto wa zitsononkho umene utsi wake unkandilowa m'maso ndili chigonere, kundisiyira mkute, n'kuyamba kukwera ndi kutsika m'makomo a eni ake. Ine, amene amayi anandisiya m'manja mwawo popita kukagwira ntchito ku Blantyre, ndinkatsala ndi mbuzi.

M'kachikwama kaja munali kalamba ka mitundu itatu koyezera mkono wa mwana. Pofiira ndiye kuti mwana ali pangozi, pachikasu akufunika maso, pobiriwira ali bwino. Ine msinkhu woyezedwa ndinali nditaupitirira, komabe ndinkawatambasulira mkono, iwo n'kungoufinya ndi kunena kuti mkono wotere ukhoza kusinja chimanga cha pamaliro.

Kuseri kwa khola lathu kunali nyumba ya Anambewe, amene amuna awo anapita ku Joni osamvekanso. Mwana wawo womaliza, Lufeyo, anali atayamba kuyenda kenako n'kuleka. Tsitsi linafiira, miyendo inatsala ngati mapesi, ndipo akamalira mawu sankafika ndi pakhomo pomwe. Agogo atamuyeza kalamba kanaima pofiira, ndipo tsiku lomwelo anatsagana ndi mayi wake ku Chifunga, kumene anabwerako ndi timapaketi tija.

Masabata anapita, mwana osasintha. Agogo anazindikira chifukwa chake atapeza azikulu ake a Lufeyo atakhala kuseri kwa nkhokwe, aliyense akunyambita chala. Anambewe sanakane.

"Amayi, onsewa ndinabereka ndine. Ndingamudyetse bwanji mmodzi, anzake akumuyang'ana kukamwa? Kodi si inu nomwe mumanena kuti chimachepa n'chovala, chakudya sichichepa?"

Zinali zoona, mwambi umenewo unali wa agogo. Anali atandikwapulapo chifukwa chodya bonya ndekha kuseri kwa chitseko. Koma apa anangouza Anambewe kuti chiponde ndi mankhwala, ndipo mankhwala akagawidwa amachepa. Anamwino anali atanena kale kuti mwana akapanda kukwera pa sikelo yotsatira akagonekedwa kuchipatala cha pa Boma. Anambewe anati sangapite, nyengo ili yopalira, ana ena alibe wowasiyira. Agogo ankadziwa komwe mawu otere amathera, chifukwa anali ataperekezapo timabokosi ting'onoting'ono kumanda.

Choncho timapaketi tinasamukira kwathu, m'ndowa yovundikira yomwe inaikidwa kumutu kwa mphasa yanga. Ndinaganiza kuti Mulungu wandikumbukira.

M'mawa, masana ndi madzulo Anambewe ankabwera ndi Lufeyo pakhonde pathu. Agogo ankasamba m'manja, kumukhazika pamiyendo pawo, pamalo panga penipeni, kung'amba ngodya ya paketi ndi kumufinyira pang'onopang'ono pamlomo, akumumwetsa madzi owiritsa ndi kumuimbira ndi mawu ofewa amene sindinkadziwa kuti ali nawo. Ine ankandiitana ndi dzina langa lonse, Sofileti, ngati woitana mbuzi yolowa m'munda. Lufeyo ankamutchula kuti bambo wanga. Azikulu ake a Lufeyo ankaima pa mpanda, ndipo ine agogo ankandikhazika pamtondo, poonekera kwa aliyense wodutsa kupita kumjigo, manja ali pamaondo.

Ndinamuda mwana uja. Ndikunena mosabisa, ndinadana ndi kamutu kake kogwedera ndi timaso take tolowa m'kati. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti iye sankachifuna n'komwe chipondecho, ankachilavula n'kumatembenuza nkhope, pamene ine malovu ali chuchuchu.

Tsiku lina Lufeyo anagona paketi ili pakati. Ndinatsika pamtondo paja ndi kutambasula dzanja, mtima uli pa ufulu wanga ngati mwini khomo. Anambewe omwe anandimvera chisoni.

"Mupatseni mwanayu, amayi. Zotsala zokhazi basi."

Agogo anapinda paketi ija, kuimanga ndi kaluzi, n'kuibweza m'ndowa kuti adzamalize akadzuka. Sanandiyang'ane. Anayang'ana Anambewe.

"Uyu ndi magazi anga, ndipo ndikumva mmene akumezera malovu. Akanyambita lero, mawa inu muwapatsa anu aja, ndipo mudzakhala kuti simunalakwe."

Ndinalira mpaka mbuzi zinadabwa. Mawa lake ndinaganiza zoti ndiwonde. Ndinakana phala, ndinakana chakudya cha masana, ndinadzimanga luzi pamkono kuti uchepe. Agogo sananyengerere. Mbale yanga anaipereka kwa ana a pampanda aja, amene anaipukuta ine ndikuona. Pofika madzulo ndinali nditayamba kale kufufuza m'miphika, iwo n'kungoti njala ya mwano imatha dzuwa likamalowa, koma ya Lufeyo si ya mwano.

Kumjigo nkhani inali yathu. Ena ankati Anachisale ndi ouma mtima, amana mdzukulu wawo yemwe. Omwewo ndi amene kale ankanong'ona kuti masaya angawa ndi a chiponde cha ana a eni. Tsopano bodza la masayalo linatha, chifukwa mudzi wonse unkandiona pamtondo paja nditatupa ngati finye. Ndinadzamvetsa nditakula kuti agogo ankandikhazika dala, kuti mayi aliyense aone kuti n'zotheka kumumana mwana amene umamukonda, iye osafa. Koma palibe amene anandifunsa ngati ndikufuna kukhala chitsanzo.

Anambewe ndiwo anayamba kupempha kuti timapaketi tibwerere kwawo. Ankawatuma ana enawo kukatola nkhuni, n'kutseka chitseko. Pa sikelo yotsatira Lufeyo anakwera, ndipo za pa Boma zinathera pomwepo. Kalamba kanachoka pofiira kupita pachikasu, ndipo chimanga chikamacha kanafika pobiriwira. Tsiku limenelo agogo anamubereka kumbuyo n'kuvina naye pabwalo, mayi wake akululutira. Ine ndinali m'khola, ndikuuza mbuzi kuti nsalu amuberekerayo ndi yanga.

Lero Lufeyo ndi chimphona, amayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa Boma, ndipo ndikakwera amakana ndalama zanga. Pamaliro a agogo ndiye ananyamula bokosi kutsogolo, ndipo ndinamva mayi wina akuuza mlendo kuti uyo ndiye mdzukulu wa malemu. Ndinali mayi wa ana awiri, nditavala chitenje cha maliro, koma mtima unandiwawa chimodzimodzi.

Mwana wanga wamng'ono ali ndi chifuwa cha mphumu. Kukazizira maso anga onse amakhala pa iye, bulangete lokhuthala ndi lake, ndipo a zaumoyo a kuno akabwera amafunsa za iye yekha. Tsiku lina mkulu wake, Tadala, anandifunsa ali chiimire pakhomo kuti kodi iyeyo achite kudwala chiyani kuti ndimuone. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimufotokozere kuti wodwala amafunika zambiri, monga momwe agogo akanayankhira, ndipo akanakhala kuti akunena zoona. Koma sindinatero. Bulangete ndinalisiya pomwe linali, ndinamukoka mtsikanayo, wamtali kale kufika paphewa panga, n'kumukhazika pamiyendo mpaka inachita dzanzi.