Ndalama Zosawoloka Shire

Nthawi ya nkhondo ya Jeremani, makobiri obowola pakati aja anasowa pa Ntaja. Mmwenye wa sitolo anayamba kutibwezera chenji cha timapepala: ankadula katoni, kulembapo kobiri kapena tiki, n'kudindapo chidindo chake. Poyamba tinkanyinyirika, koma posakhalitsa timapepalato tinkayenda paliponse. Wa matemba ankalandira, wa thobwa ankalandira, ngakhale pa sadaka anthu ankapereka tomweto. Ine, mtsikana wongokwatiwa kumene, ndinangoti ndalama ndi ndalama.

Amuna anga anali atalembedwa usilikali. Tsiku lina wamalonda wina anabwera ndi mawu akuti asilikaliwo akwera sitima pa Balaka mkuja. Ndinali ndi pakati, iwo asakudziwa, ndipo nkhani yotere sindikanaituma munthu. Mtima unali m'malere. Ndinkalowa m'nyumba, kutuluka, kulowanso, mpaka apongozi anga anati, "Kodi pansipa pali minga?"

Kutacha ndinamanga timapepala tanga pansonga ya nsalu n'kuuyatsa ulendo wapansi. Ndinafika padoko la Liwonde mapazi atatupa. Mwini bwato anatembenuza kapepala kamodzi uku ndi uku.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Ndalama, bambo. Onani chidindocho."

"Iyayi. Izi n'za mmwenye wanu. Mukagulire mchere kwanu komweko."

Ndinachonderera, ndinagwada, kenako ndinapsa mtima n'kumuuza kuti bwato lakelo ndi mtondo wong'ambika. Pakamwa panga ndi potero mpaka lero. Anangoseka n'kupalasa, ine ndikuyendayenda m'mphepete mwa madzi ngati nkhuku yofuna poikira. Tsidya linkaoneka pafupi kwambiri, moti ndinkamva mawu a anthu akutsika.

Ndinagona kwa anthu achifundo. M'mawa mwake m'bwato munatsika mayi wina wa kwathu akuchokera kuchipatala. Iye timapepalato ankatidziwa, ndipo anandisinthira ndi makobiri enieni osafunsa zambiri. Ndinawoloka, n'kuthamanga pomwe ndikanatha, mimba ili gwedegwede. Pa Balaka ndinapeza njanji yokha ndi makoko a nzimbe pomwe asilikali anakhala podikira.

Amuna anga sanabwerere. Anafera kutali osadziwa kuti asiya mwana, ndipo zimandiwawabe. Mayi uja nditakumana naye pamsika anandiuza mokondwa kuti timapepala tija anagulira sopo ndi machesi, mmwenye sanavute n'komwe.