Mpando Umene Unadumpha a Luciano

A Luciano anafika ku Pembamoyo, kuno ku Zambia, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, akutsatira mayi awo pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Anakulira kuno, sukulu anaphunzira kuno, mkazi wawo a Maliya anawapeza kuno. Amalima chimanga ndi nshawa ngati wina aliyense. Mwana wawo woyamba, Thokozile, anamwalira ndi malungo ali ndi zaka zinayi, ndipo manda ake ali kuno komwe. Ndikutchula zonsezi dala, chifukwa pali anthu ena amene amaziiwala pamene zawakomera.

Ine ndine Consolata, mlembi wa komiti yathu yolimbana ndi malungo m'midzi ya m'malire. Tilipo anthu odzipereka ochokera mbali zitatu: Zambia, Malawi ndi Mozambique. Malipiro palibe. Timayenda khomo ndi khomo kuona ngati maneti akumangidwa pogona kapena atha kale kutchingira dimba, ndipo miyezi itatu iliyonse timakumana pasukulu ina ya mbali imodzi mwa zitatuzi.

Pa tonsefe palibe amene wapalasa njinga ngati a Luciano. Komanso ndi okhawo amene amatha Chipwitikizi chenicheni, choti n'kulembera kalata akuluakulu a zaumoyo a tsidya lija. Anesi a kumeneko akabwera kumsonkhano, a Luciano amakhala nawo pambali n'kumawamasulira chilichonse.

Chimene ankafuna chinali chimodzi, ndipo anachinena mpaka ife makutu kuwawa. Opopera mankhwala m'nyumba amabwera kwathu mwezi wina, tsidya lija mwezi winanso, pamene midziyo yangolekana ndi kadambo. Ukapopera kuno, udzudzu wa tsidya uli phee kudikira. Iwo ankati tilembe kalata imodzi kumaboma onse kuti azipopera sabata imodzi. Koma nkhani zokambirana amasankha ndi wapampando, chidindo amasunganso ndi iye, ndipo wapampando wathu woyamba, a Davison a ku Zingalume kwathu konkuno, ankangoti, "Imeneyo tiiona msonkhano ukudzawo." Anatero zaka zisanu ndi ziwiri. Munthu anakakamira mpando ngati nkhupakupa pakhutu la ng'ombe.

Amene anatimasula ndi a Luciano omwewo. Mu 2019 anaimirira n'kunena kuti mpando uziyenda: zaka ziwiri Malawi, ziwiri Mozambique, ziwiri Zambia, ndipo mbali imene nthawi yake yakwana izipatuka yokha kukasankha munthu wake. Tinaomba m'manja. Ndinalemba lamulolo ndi dzanja langa. A Davison anamwetulira ndi mano okha.

Amalawi anatenga zaka zawo. Nkhani ya kupopera sanaigwire, ati anali kuphunzira kaye ntchito.

Mu 2021 inakwana nthawi ya Mozambique. Atapatuka anzathu a tsidya lija kupita pansi pa mtengo wa mango, a Luciano anawatsatira. Sipanathe mphindi zisanu, ndinawaona akubwerera okha.

"Bwanji, achimwene?" ndinawafunsa.

"Akuti ndine wa ku Zambia. Akuti munda wanga uli kuno, mkazi ndi wa kuno, ndidikire nthawi ya kwathu." Anaseka pang'ono. "Sakunama. Zaka ziwiri si kanthu."

Anzathu aja anasankha a Zangaphee, munthu wabwino ndithu koma wogona m'misonkhano. Zaka ziwirizo a Luciano anazigwiritsa ntchito. Anayenda m'midzi yonse ya m'mphepete mwa dambo, mbali zonse, kulemba m'kabuku nyumba zimene munadwala ana ndi mwezi umene anadwala. Kalata ija anailemberatu m'zilankhulo ziwiri. Inangotsala chidindo.

Tsiku lathu linafika mu Okutobala 2023, pasukulu ya kwathu konkuno. A Maliya anabwera kudzathandiza kuphika, atavala chitenje chatsopano, nkhope ili ngwee. Mudzi wonse unkadziwa. Ife a ku Zambia tinalipo asanu ndi anayi, ndipo tinapatukira kuseri kwa kalasi.

A Davison anayamba mofatsa, monga amachitira akafuna kuluma. "Abale, a Luciano ndi munthu wathu, palibe akukana. Koma iyi ndi nthawi ya Zambia. Tikaika iwo, anzathu aja adzati Mozambique yalamulira kawiri kotsatizana. Tikhala tathyola lamulo limene anabweretsa iwo eni. Komanso akakhala pampando, adzamasulire anesi ndani?"

"Zaka ziwiri zapitazo anandibweza kuti ndine wa kuno," anatero a Luciano. "Munaona nonse."

"Zimenezo ndi za kwanu, mukakambirane," anayankha a Davison.

Kenaka anatchula dzina la Lemmy, mphwawo, mnyamata wa njinga yamoto amene analowa komiti chaka chathachi ndipo sanafikepo ngakhale kudambo kuja. Opikisanawo anapita patali, tinatsala asanu ndi awiri. Manja atatu anakwera chifukwa cha a Luciano. Atatu chifukwa cha Lemmy. Onse anacheukira ine.

Sindidzikometsera. Amuna anga ndi a Davison ndi pachibale, ndipo munda umene ndimalima ndi wa banja lawo. Ndinaganiza za maliro ndi maukwati onse amene ndidzakhale nawo pamphasa imodzi ndi akazi a kumeneko. Dzanja langa linakwera chifukwa cha Lemmy, pang'ono chabe, kufika paphewa, koma a Davison analiwerenga. Mpaka lero ndimadzida ndikakumbukira, ndipo a Davison ndimawada koposa chifukwa ankadziwa kuti nditero.

Tinabwerera m'kalasi. Anthu a mbali zonse anali atakhala m'madesiki a ana, mawondo ali m'mwamba. A Maliya anasuzumira pawindo, chikho chili m'manja, ndipo ataona Lemmy akupita kutsogolo anachoka osafunsa munthu. Kalata ija inali m'thumba la malaya a amuna awo, yopindidwa bwinobwino, nsonga yake ikuonekera.

A Davison anapempha kuti alankhuleko monga wamkulu. Tsiku limenelo kunabwera nesi watsopano wa ku Mozambique, mtsikana wochokera kutali amene sankamva Chichewa ngakhale moni.

"A Luciano, tathandizani mlendoyo amve," anatero Lemmy, mawu ake oyamba ali pampando.

Ndinkayembekeza kuti akana, kapena atuluka. Ndinkafuna atero, mwina mtima wanga ukanapepukako. Koma anaimirira n'kukaima pambali pa nesiyo. A Davison analankhula nthawi yaitali: kuti mpando wabwerera kwa mwana wa nthaka ino, kuti komiti yathu ndi chitsanzo cha chilungamo, ndiponso kuti ife a ku Zambia timadziwa kusunga alendo, monga tasungira mlendo wathu uyu zaka zoposa makumi atatu.

A Luciano anamasulira zonse, osadumpha liwu ndi limodzi lomwe. Pa mawu omalizawo nesi uja anayang'ana uku ndi uku m'kalasimo, kufunafuna mlendo amene akunenedwayo. A Luciano anamudikira pang'ono, kenaka anadziloza pachifuwa.