Mbali B ya Kaseti Yanga

Ine ndi koleji tinasiyana mwamtendere. Iwo anandilembera kalata yaulemu yokhudza mayeso anga, ine ndinaiwerenga kawiri, ndipo poona kuti panalibe chowonjezera ndinakwera basi ya ku Mitundu. Matipate anali atangobwera kumene, aliyense akulankhula zakukhosi, choncho nanenso ndinkauza anthu momasuka kuti ndabwera kudzapuma. Katundu wanga anali ndowa, bulangete ndi kaseti imodzi.

Kasetiyo anandijambulira mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene anabwereka yoyambirira yake kwa mphunzitsi wina wochokera kunja. Inalibe chithunzi, inalibe dzina. Uku A, uku B, basi. Oyimbawo anali anyamata a magitala amagetsi, oyimbira Mulungu m'Chingerezi. Koma sankayimba ngati anthu amene anafika kale kumwamba n'kumatiuza mmene kulili, monga zichitira kwaya zathu. Ankayimba ngati munthu amene waima pasiteji kuyambira m'mawa, minibasi yosabwera, koma iye osachoka. Gitala limayamba lokha, patali, ngati likulira kutsidya kwa dambo m'mawa wa Juni nkhungu isanayere. Ng'oma imachedwa kulowa mpaka umayamba kuda nkhawa kuti mwina mwini wake wadwala. Kenako mawu, otsika, a munthu wopemphera amene sakufuna kuti woyandikana naye amve zimene akupempha.

Imene ndinkaikonda inali yomaliza ya mbali B. Woyimbayo amafunsa Mulungu funso limodzi, kenako amakhala chete n'kusiya magitala akwere okha mpaka kudzaza malo onse. Yankho silibwera. Masiku amenewo mudzi wonse unali ndi mayankho a chimene ndinabwererera, choncho nyimbo yopanda yankho ndinkapumiramo.

Ndinkamvera masana kuseri kwa chigafa cha fodya, pa wailesi ya mlongo wanga, ndipo tepi ndinkaibweza ndi bolopeni posunga mabatire. Kumeneko ndi kumene anandipeza alamu anga, amuna a mlongo wangayo, mkamwini pamudzi pathu komanso mtsogoleri wa kwaya. Anaima manja ali kumbuyo.

"Alamu, awa akulira maliro a ndani?"

"Akutamanda Mulungu, alamu."

"Mulungu wake uti? Wathuyu timamutamanda tili maso."

Anazimitsa wailesi, natulutsa kasetiyo. Ndinaona chala chawo chikusisita timabowo tiwiri ta pamwamba, timene ukatitseka ndi kapepala umatha kujambula zina pamwamba pa zakale. Kenako anaikweza padzuwa kuti aone kunenepa kwa tepi.

"Ndi ya mphindi nainte imeneyi?"

Ndamvapo za anthu ambiri olimbana ndi Satana, koma sindinamvepo wina wofunsa kuti Satanayo ndi wa mphindi zingati. Komanso ndinkadziwa, monga ankadziwira aliyense, kuti kwaya yathu inkasaka kaseti yoti ijambulepo nyimbo zake n'kutumiza kwa anzawo a ku Nathenje, kuti pa msonkhano wa makwaya akayimbire limodzi. Makaseti opanda kanthu pamsika analipo. Chimene alamu analibe ndi mtima wogula chinthu chimene angathe kuchilanditsa kwa mdyerekezi mwaulere.

Mphekesera za anthu opembedza Satana zinali ponseponse nthawi imeneyo, ndipo zinkakonda kwambiri anthu obwera kuchokera kutauni popanda chifukwa chomveka. Sabata isanathe, mayi wina amene anandiona ndikubadwa anayamba kuyankha moni wanga akuyang'ana kumbali. Lachinayi ndinauzidwa kuti akulu a mpingo adzamvera kasetiyo Lamulungu mapemphero akatha. Ikadzapezeka yoipa, sidzawotchedwa ayi. Adzaiyeretsa pojambulapo kwaya. Mutu umene unaganiza chilango chimenechi ndinaudziwa.

Loweruka ndinayanika mabatire anga anayi padenga la nkhokwe kuti dzuwa liwabwezere mphamvu, n'kupita kumsika. Sindikuneneza munthu. Ndikungonena kuti pobwera ndinawapeza ataloza kwina, ndipo alamu, amene ankati aswera kudimba, ankadziwa amene anagoletsa chigoli chilichonse pa mpira umene unaulutsidwa pa wailesi masanawo.

Akulu anakhala atatu m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, koma wolankhula anali mmodzi, bambo wokonza njinga pamsika wa Mitundu, munthu wosanena vuto la njinga asanazungulitse gudumu. Anandifunsa mbali yoyambira, ndipo apa ndi pamene ndinachenjera mopusa. Mbali A inali ndi nyimbo zofatsa, dzina la Ambuye likumveka ngakhale kwa munthu wosadziwa Chingerezi. Ndinati tiyambe ndi imeneyo kuti mitima ifewe isanakumane ndi magitala aja.

Anamvera mbali yonse. Mkulu mmodzi anatseka maso, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankapemphera. Wokonza njingayo ankakweza dzanja kuti ndiimitse, ndimasulire.

"Apa akuti chiyani, mwana wanga?"

"Akuti watopa, koma akudikirabe."

"Akudikira ndani?"

"Ambuye, bambo."

"Nanga bwanji sakuwomba m'manja?"

"Manja ali pagitala, bambo."

Alamu, amene analowa nawo monga mtsogoleri wa kwaya, anaimirira. "Mwamva kulira uko, akulu? Ngati mphepo ya kumanda."

"Kumanda timapitako akhristu omwe, a kwaya," anatero wokonza njingayo. "Ifenso timalirako. Takhalani pansi."

Pamenepo ndinayamba kulimba mtima. Ndinatembenuza kaseti. Nyimbo yoyamba ya mbali B itangoyenda pang'ono, mawu anayamba kukoka, kutsika, kunenepa, mpaka woyimba uja anasanduka ng'ombe yodwala, kenako zii. Ndinafotokoza kuti ndi mabatire. Wokonza njingayo anavomera, mabatire ankawadziwa. Koma anati iwo sangachitire umboni chinthu chimene sanachimve, ndipo Lamulungu lotsatira kunali mgonero, nthawi yomvera magitala panalibe. Chigamulo chinali chakuti mbali A ndi yachikhristu, ngakhale chinali chikhristu cha munthu wosadya mokwanira. Mbali B ndi yokayikitsa, ndipo chokayikitsa chiperekedwe ku ntchito ya Mulungu.

Tinajambula Lachitatu masana m'tchalitchi. Mabatire atsopano anayi anapezeka popanda vuto lililonse. Popeza ndinali nditapondako ku koleji, anandipatsa udindo wodina mabatani, ndipo ndinachita masamu amene akanandithandiza ndikanawachita pa mayeso. Nyimbo yanga inali mphindi zisanu ndi ziwiri zomaliza za tepi. Kwaya inali ndi nyimbo zisanu ndi zitatu. Akayimba mmene amayimbira Lamulungu, adya zonse. Akafulumira, nyimbo yanga ipulumuka.

Choncho ine, amene ndinali nditangozengedwa mlandu wa nyimbo zokoka, ndinasanduka mdani wa kukoka.

"Mukuchedwa, amayi a kumbuyoko. A ku Nathenje adzagona."

"Ndime yachitatuyi siikusiyana ndi yoyamba, alamu. Tepi sikwana."

Alamu ankandiyang'ana cham'mbali, koma mantha oti tepi itha nyimbo zisanathe anawagwira, ndipo dzanja lawo linayamba kukupiza ngati akuthamangitsa nkhuku pamphale. Nyimbo iliyonse ndinkaidula mawu omaliza asanazizire. Yachisanu ndi chitatu itatha, ndinasuzumira pakawindo ka kaseti: tepi yotsala inali yokwanira ndendende. Chala changa chinali kale pabatani.

"Musadine, alamu. Nyimbo za Mulungu sizipita kwa eni ake popanda pemphero."

Anapemphera okha. Anapempherera mvula, odwala, boma latsopano, boma lakale, kwaya ya ku Nathenje, ndi achinyamata osochera, amene anawafotokoza mwatsatanetsatane. Ine maso anali otsegula, ndikuona tepi ikusamuka kuchoka ku gudumu lina kupita ku linzake. Ameni asanathe kutuluka m'kamwa ndinali nditadina.

Zinatsala mphindi zitatu. Funso lija linapita; pamalo pake pali alamu anga.

Kaseti inatumizidwa, ndipo pa tsiku la msonkhano wa makwaya ku Nathenje ndinapita nawo. Anzathuwo anali ataphunzira nyimbo zonse mokhulupirika, pa liwiro la pakaseti, ndipo makwaya awiriwo anazithamanga zisanu ndi zitatu zonse mpaka mayi wina wachikulire anakhala pansi pakati pa ndime kuti apeze mpweya. Anthu anati ndi kayimbidwe katsopano.

Kaseti inabwerako patapita milungu itatu. Tsiku lomwelo ndinapita nayo kuseri kwa chigafa, ndipo alamu ananditsatira, ati akufuna kumva ngati pemphero lawo linamveka bwino. Linamveka bwino. Atangoti ameni, wailesi inati kwa, ndipo magitala analowa ali kale pamwamba, osapepesa, ngati akhala akulira nthawi yonseyi kuseri kwa chitseko. Alamu sanadzuke. Anakhala pachitsa mpaka phokoso lomaliza linazilala ndipo batani linadumpha lokha, maso ali pakawindo ka kaseti, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Sindinawafunse ngati ankamvera, kapena ankawerengera kuti pamenepo pangakwane kolasi ina.