Mkamwini Wovala Thewera

Ku mtengatenga ndinabwerako ndi miyendo yonse iwiri ndi manja onse awiri, ndipo anthu anati ndili ndi mwayi. Sanadziwe kuti mimba ndinaisiya komweko. Kamwazi anandigwira tikusenza katundu wa asilikali pankhondo ya Azungu ija, kumaiko otentha kumene tinkamwa madzi a m'zithaphwi pamodzi ndi abulu. Anzanga ambiri anawatenga. Ine anandisiya, koma anandisiya ngati thumba losamanga kukamwa. Magazi analeka, ululu unachepa, koma kuyambira pamenepo mimba ikati tiye palibe zokambirana. Nthawi imene imandipatsa ndi yoti munthu angathyole chimanga chimodzi n'kuchisenda. Masiku ena siichenjeza n'komwe, ndimangomva kufunda m'ntchafu. Ndakalamba nayo, ndipo izi ndikulemba nditakhala pafupi ndi khomo.

Ndinali mkamwini m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri la Mphunzi. Kwathu n'ku Kabwazi, kwa Angoni, kumene mwamuna amalowola ndi ng'ombe ndipo ana amakhala ake. Koma bambo anga analibe ngakhale ng'ombe yopunduka, choncho ndinapita chikamwini, kukamanga nyumba kwawo kwa mkazi. Kumeneko ana ndi a mbumba ya mkazi, mwamuna ndi tambala wobwereka. Popita kunkhondo ndinasiya mwana wathu wamkazi ali kumsana. Pobwera ndinamupeza akuthamanga, akulankhula, mphumi yake yanga yeniyeni. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi, kukhala m'mudzimo kuti ndimuone akukula. Ndinkadziwa kuti tsiku limene adzandichotse ndidzanyamula khasu ndi mphasa, mwana adzatsala.

Tsono ndinayamba kubisa. Ndinkapita kuphiri kukasenda khungwa la mombo, n'kulisula mpaka lifewe, n'kudula matewera a nyanda oti ndizivala m'kati mwa nsalu. Munthu wandevu, woti anasenza bokosi la zipolopolo mitunda yosawerengeka, kumavala thewera ngati khanda. Kuchapa ndinkachapa ndekha, kumunsi kwenikweni kwa mtsinje, kutali ndi potunga amayi. Amene akudziwa chisanu cha kuno kumapiri adziwa zomwe madzi amenewo amachita ndi zala za munthu. Kuyanika ndinkayanika m'phanga lina la zithunzi zofiira za anthu akale, poti kumeneko anthu sankakonda kufikako. Nyemba ndinasiya, mpiru ndinasiya, thobwa ndi mowa ndinkangoziona ndi maso. Kukatchalitchi kathu ka udzu, kumene tinkaphunzira za ubatizo, ndinkakhala pakhomo penipeni. Nditatuluka chothamanga kachitatu mphunzitsi ali pakati pa mawu, ndinaleka kupitako. Wosamaliza maphunziro sabatizidwa, ndipo ukwati wa anthu osabatizidwa sudalitsidwa. Ukwati wosadalitsa ankatha kuuthetsa pakhonde, ndipo apongozi anga aakazi zimenezi ankazidziwa bwino kuposa mphunzitsiyo.

Mayi amene aja sindinawaonepo bwinobwino kumaso, koma chidendene chawo ndingachizindikire ngakhale lero. Mwambo wake unali wotero. Mkamwini sakumana ndi apongozi ake maso ndi maso. Ukawaona akubwera umapatuka, n'kulowa patchire kapena kutembenukira kumbali mpaka adutse. Akakhala panjira, iwe sudutsa. Umakhosomola uli patali kuti adziwe, iwo n'kusuntha. Vuto linali lakuti mudzi wathu unali poyera, kutsogolo dambo, m'mbali minda. Kothawira munthu akafuna kudzithandiza kunali kumodzi kokha, kukhwawa la kuseri kwa miyala, ndipo kanjira kopita kumeneko kankadutsa pakhomo pa apongozi.

Masabata oyamba ankasuntha. Kenaka anaona kuti mkamwini wawo akukhosomola kasanu dzuwa lisanafike pamutu, ndipo anamvetsa. Anatulutsa mtondo pakhonde n'kuuimika pakati pa kanjirako. Ntchito zawo zonse zinasamukira pamenepo, kusinja, kupeta, kusadzula nyemba, ngakhale kumeta adzukulu. Ine ndinkaima kuseri kwa nkhokwe, miyendo nditaipanikiza, thukuta lili kamukamu m'chisanu, ndikukhosomola ngati wachifuwa chachikulu. Iwo ankayamba nyimbo ya pamtondo. Kuzungulira kudzera kudambo kunali kutali kwa mimba ngati yanga. Kudutsa pamaso pawo kukanakhala chipongwe choti andichotsere tsiku lomwelo. Ndiye ndinkaima pomwepo mpaka zichitike, kenaka n'kubwerera kunyumba pang'onopang'ono, miyendo tang'a. Ankadikira kuti ndifike pakhomo, n'kufuulira mwana wawo, mkazi wanga:

"Iwe, kodi kwanuko kwafa galu? Tayang'ana kuseri kwa nkhokweko, mphepoyi ikuchokera kumeneko."

Ndinkawada mayi amenewo, ndipo ndikuwadabe ngakhale anagona kalekale. Ndi iwo amene anayambitsa nkhani yoti matenda anga ndi kanyela, aja amagwira mwamuna amene wagona ndi mkazi ali kumwezi. Ankati kunkhondoko sindinkangosenza mabokosi. Ine amene ndinkagona m'matope, chingwe cha katundu chitandidya phewa mpaka kuoneka zoyera, ndinasanduka wachiwerewere pakamwa pa munthu woti sanapiteko ngakhale kuseri kwa phiri la Dedza. Mkazi wanga anamva, sanandifunse, koma anayamba kuyala mphasa yake payokha.

Nzeru inandibwerera ndikulima. Kumisasa ya asilikali ankatikumbitsa maenje odzithandiziramo, ndipo ndinakumba ambiri moti manja ankaidziwa okha ntchitoyo. Ndinakumba langa kuseri kwa nyumba yathu, lofika m'chifuwa. Ndinayala mitengo pamwamba, n'kumata dothi, n'kusiya kabowo kovundikira ndi phale, n'kuzunguliza mpanda wa udzu. Ndikatha ndinkathira phulusa. Kuchokera pakhomo mpaka pamenepo unali mtunda woti ngakhale mimba yanga inkalola. Kwa masabata awiri ndinakhalanso munthu. Ndinadya nyemba. Ndinamunyamula mwana wanga pakhosi n'kupita naye kudimba osaopa kuti ndimutsitsa mwadzidzidzi. Mtondo wa apongozi unangokhala panjira wopanda ntchito.

Kenaka khanda la mng'ono wake wa mkazi wanga linayamba kutsegula m'mimba. Ana ankatsegula m'mimba chaka chilichonse mvula ikayamba, ine ndisanabadwe n'komwe. Koma chaka chimenecho panali dzenje la mkamwini. M'mawa wina ndikuchokera kumunda ndinapeza alamu anga awiri atagwetsa mpanda, akusuzumira pabowo, atsibweni ake a mkazi wanga, eni mbumba, ataima chapatali ndi ndodo.

"Alamu, ichi n'chiyani?" anafunsa wamkulu.

"N'podzithandizira. Kunkhondo timatero."

"Kunkhondo. Nanga kuno kuli nkhondo? Munthu amakataya zoipa kuthengo, nkhumba n'kudya, mvula n'kukokolola. Inu mukuzisunga pakhomo ngati chimanga. Mukuzisungira yani?"

"Sindikusungira munthu. Ndikudwala, alamu, inunso mukudziwa."

Atsibweni aja analoza ndi ndodo. "Nanga phulusali? Wodwala amathira phulusa? Amakwirira, n'kuvundikira ndi phale, n'kumangira mpanda kuti anthu asaone? Ife tinabadwa kale, bambo. Zokwirira kuseri kwa nyumba timazidziwa."

Analikwirira ine ndikuona, n'kuponderapo miyala, n'kuwazapo madzi a mankhwala. Khanda lija linachira patapita masiku atatu, monga likanachirira ngakhale dzenje likanakhalapo, ndipo mudzi wonse unati waona. Anatumiza uthenga ku Kabwazi kuti ankhoswe anga abwere.

Ndinadziwa kuti mlandu wa ukwati ndi wokhala pansi nthawi yaitali, ndiye ndinakonzeka mmene ndinkadziwira. Masiku awiri sindinadye kanthu, madzi ndinkangonyowetsa milomo. Ndinavala matewera awiri. Ndinkati ndikangokhala bwinobwino mpaka mapeto, n'kulankhula ngati munthu, mwina aona kuti ndine wodwala chabe, wotha kulima, wosayenera kulandidwa mwana.

Anabwera amalume anga, munthu wonyada, wa chibonga m'manja, amene kuyambira kale ankati chikamwini n'cha amuna opanda msana. Tinakhala pakhonde pa atsibweni aja. Akazi anakhala chapambali, apongozi atatembenukira kwina monga mwa mwambo, koma malo amene anasankha anali pakamwa penipeni pa kanjira ka kukhwawa. Mlandu usanayambe kunabwera chipanda cha thobwa, chophika iwo. Anamwa atsibweni, anamwa amalume, chinafika kwa ine. Munthu woganiziridwa ufiti akakana chakumwa cha eni mudzi, wavomera kuti mumtima mwake muli kanthu. Maso onse anali pa ine. Ndinati ndingonyambita, koma atsibweni anati, "Imwani, bambo, muli pakwanu pano." Ndinamwa thobwa lowawasa pamimba ya masiku awiri yopanda kanthu.

Anayamba kulankhula atsibweni, ndipo mkulu ameneyo akayamba ankachokera kwa makolo. Asanafike n'komwe pa dzenje, m'mimba mwanga munayamba kuguguda. Ndinayang'ana kanjira, apongozi ali phee ngati chitsa. Kudzuka pakati pa mawu a mwini mbumba kukanakhala kuthawa mlandu. Kudutsa pamene anakhala apongozi kukanakhala chipongwe pamaso pa ankhoswe. Ndinaluma mano n'kukhala. Pamene atsibweni anati, "Tsono timve kwa eni ake," zinali zitayamba kale, ndipo matewera awiri sanathandize.

Ndinalankhula chikhalire momwemo. Ndinati sindinapite kunkhondo mofuna, anachita kudzatigwira pamudzi pano, alamu anga atathawira kuphiri, ine ndekha ndi amene ndinapezeka m'munda wa apongozi ndikulima. Ndinati matendawa ndinawatenga chifukwa cha mudzi uno. Ndinati dzenje lija linali dzenje basi, ndipo ngati akufuna kudziwa chimene ndinkakwiriramo, ndi chomwechi akuchimvachi. Ndinati ndilime munda uliwonse umene anene, ndigone m'khumbi kumunda ngati m'nyumba ndikununkha, koma andisiye ndikhale pamene pali mwana wanga. Mawu anga ndinawamaliza onse.

Palibe anaseka. Akanaseka bwenzi zili bwino. Amalume anga, magazi anga, amene anabwera kudzandiimira, ananyamula kampando kawo n'kukakhala uko, n'kutulutsa fodya wawo n'kununkhiza. Atafunsidwa maganizo awo anati, "Ife tamva, ndipo taona. Tingakane bwanji?"

Kenaka atsibweni anamufunsa mkazi wanga maganizo ake. Apa ndiye ndinadzutsa mutu, chifukwa mkazi ameneyu ndinamumangira nyumba ndi manja anga, ndipo thewera langa ngakhale limodzi sanaligwirepo. Akanangoti akumufunabe mwamuna wake, mlandu ukanavuta. Anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi kamtengo.

"Ine ndilibe mawu. Eni mbumba ndi awa."

Atsibweni anagamula kuti ukwati watha. Kenaka apongozi ananong'oneza mwana wawo wamng'ono, iye n'kukanong'oneza atsibweni, ndipo mkuluyo anakonza kukhosi n'kuwonjezera kuti popeza chimanga chili m'munda, sibwino kuthamangitsa munthu pakati pa dzinja ngati galu. Ndikhale kaye mpaka ndikolole. Anthu anagwedeza mitu kuyamikira chifundo chimenecho. Fungo langa linali loipa kukhala nalo m'mudzi, koma silinkalowa m'chimanga.

Ndinavomera, ndipo musandifunse za ulemu. Inali miyezi inayi yoona mwana wanga. Ndinagona m'khumbi kumunda, ndinapalira, ndinabandira, ndinathamangitsa anyani. Mwanayo ankamuletsa kubwera kumunda, koma pobweretsa nkhuni kumudzi ndinkamuona akusewera pabwalo, ndipo masiku ena ndinkamusiyira nzimbe pakhonde. Chimanga chitauma ndinakolola, ndinaluka nkhokwe yatsopano poti yakale inachepa, ndinatuta mpaka kudzaza. Tsiku limene ndinafolera denga la nkhokweyo, madzulo ake ndinapeza khasu langa, nkhwangwa ndi mphasa zili panja, zomanga kale ndi luzi.

Ndinanyamuka m'mawa mwake. Ndinasamba kumtsinje mpaka khungu kuwawa, ndinavala thewera louma ndi nsalu yochapa, ndipo tsiku limenelo, Mulungu ndi mboni, ndinali woyera ngati munthu wina aliyense. Ndinapempha alamu kuti anditengere mwana ndimutsanzike. Anamubweretsa mpaka pakati pa bwalo n'kumusiya. Apongozi anali pakhonde pawo, nsana uli kuno. Ndinatula katundu, ndinagwada kuti tilingane msinkhu, n'kutambasula manja.

"Bwera kuno, mayi. Ndikupita kwathu."

Anayenda masitepe atatu n'kuima. Anandiyang'ana ndi maso anga omwe. Kenaka anakweza kadzanja kake n'kutsina mphuno, bwinobwino, ndi zala ziwiri, ngati chinthu chimene wachiyeserera kambiri. Atatero anacheukira kukhonde kwa agogo ake kuti aone ngati wakhoza.