Dzanja lamanzere la a Verna

Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ntchito ya a Verna Tillery inali kumvetsera. Pa fakitale ya injini za galimoto m'tauni yakwawo ku Michigan, injini iliyonse ikatha kumangidwa inkafika pamalo pawo kuti ilizidwe koyamba. Makina oyezera analipo, koma iwo ankasanjika manja onse awiri pamwamba pa injiniyo, ngati mzamba pamimba ya mayi woyembekezera, n'kupendeketsa mutu. Akati, "Iyi ibwerere," inkabwerera ndithu, ndipo oimasula ankapezadi kachitsulo kamene sikanakhale bwino.

Panalinso ntchito zina zosalembedwa paliponse. Lachisanu lililonse ankanyamula matawulo a gulu lawo kukachapa kunyumba. Wina akaferedwa, ndi iwo ankaphika mphika wa nyemba wopita kusiwa. Wongoyamba kumene ntchito akabisala m'chimbudzi kulira, amene ankagogoda pachitseko anali a Verna.

Kenaka nkhani ya utsi wa galimoto inakula. Andale ndi eni mafakitale anakokanakokana zaka zingapo, awa akuti nyengo yasokonekera, awa akuti anthu ataya ntchito. A Verna ankangozimvera pa wailesi popita kuntchito. Zimene anaona ndi maso awo zinali ziwiri: chilimwe china thambo linachita bii ndi utsi wa nkhalango zopsa kumpoto, ndipo chaka chotsatira fakitale yawo inatsekedwa miyezi isanu ndi inayi kuti iyambe kupanga mabatire a galimoto zamagetsi.

Atabwerera anaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Pansi pamene kale pankanata ndi oilo panali poyera mbee. Anthu ankalankhulana osakuwa. Ndipo pamalo pa injini panali batire: bokosi laphanthiphanthi, lalikulu ngati bedi, losalira, losanunkha, losanjenjemera.

Wowaphunzitsa anali mtsikana wina dzina lake Rima Haddad, msinkhu wa mwana wawo wotsiriza.

"Amayi," anatero Rima, "injini ikafuna kukupwetekani imakuchenjezani. Imalira, imatentha. Ichi chimangokhala duu. Koma mphamvu zili m'katimu zingayatse magetsi m'nyumba mwanu masiku atatu, zingathenso kuimitsa mtima wanu musanaphethire."

N'chifukwa chake panali lamulo la dzanja limodzi. Bokosi likakhala lotsegula, dzanja lamanja ndi logwira ntchito, lamanzere kumbuyo. Munthu akagwira ndi onse awiri, magetsi amalowera dzanja ili, kudutsa pamtima, n'kukatulukira linalo.

A Verna analemba mayeso a papepala osalakwitsa funso ndi limodzi lomwe. Koma pa mayeso a manja, pa bokosi lophunzirira lopanda moto, analephera kawiri. Ulendo uliwonse dzanja lamanzere linkanyamuka lokha n'kukakhala pa chitsulo, kufuna kumva mmene chikupumira. Mwayi unatsala umodzi. Akalepheranso, awatumiza kukalongedza makatoni kunyumba yosungira katundu, kutsidya kwa tauni, kutali ndi anthu amene anakalamba nawo pamzere umodzi wogwirira ntchito.

"Achemwali," anawaseka a Stosh Wojcik, amene anagwira nawo ntchito moyandikana kuyambira ali ndi tsitsi, "dzanja limenelo muzilisiya kunyumba, lizitsuka mbale."

"Inu mukanamasiya pakamwa panupo kunyumba, fakitale ino ikanakhaladi chete."

A Verna anaseka, koma madzulo anafika kunyumba ali ndwii. Amuna awo, a Alton, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa basi, anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. M'mawa mwake anatenga kansalu kopukutira mbale, kamizere yobiriwira, n'kukasomeka kumbuyo kwa lamba wa akazi awo.

"Gwirani apa. Mwezi uno dzanja limenelo lili pa tchuthi."

"Nanga anyezi adula ndani?"

"Ine ndafa kodi?"

Motero kwa masabata anayi a Verna ankatakasa mphika ndi dzanja limodzi, a Alton atagwirira chigwiriro. A Alton anaphunzira pamene pamakhala mpeni wakuthwa, atakhala m'nyumbamo zaka makumi anayi osapadziwa. Lachisanu loyamba anasuzumira m'thumba limene akazi awo anabwera nalo.

"Matawulo onsewa ndi a ndani?"

"Akuntchito."

"Anakutumani ndani?"

"Chapani, bambo, madzi akuzizira."

Anachapa, koma anasakaniza ndi malaya awo ofiira, matawulo onse n'kutuluka ofiirira. Lolemba a Stosh anapukutira nkhope n'kunena kuti tsopano fakitale yasanduka saluni.

Tsiku la mayeso kunali mitambo. Ulendo uno bokosi linali lenileni, lodzaza moto. A Verna anavula mphete yaukwati n'kumupatsa Rima. Anatenga magolovesi amphira, n'kuwafufumitsa ndi mpweya limodzilimodzi, kuwayika kukhutu kuti amve ngati pali kabowo. Apo pokha khutu lawo lakale linali lidakali pa ntchito. Kumbuyo kwawo kunaima a Stosh ndi ndodo yaitali ya ngowe, chifukwa munthu akagwidwa ndi magetsi sakhudzidwa ndi manja, amachita kukokedwa.

"Mukangoti gwede, ndikukolani ngati nsomba," anatero a Stosh. Koma mawu awo sanali a nthabwala kwenikweni, ndipo ndodoyo anaigwira zolimba.

Rima anavundukula bokosi. M'katimo munali timabokosi tating'onoting'ono tondandalikana bwinobwino, ndi mawaya onenepa amtundu wa lalanje. A Verna anayang'ana. Moyo wawo wonse mphamvu ankaidziwa ndi phokoso lake. Apa panali mphezi yogona m'bokosi, yoti n'kukankha galimoto yodzaza banja lonse mpaka ku Chicago, koma yosatulutsa ngakhale kampweya.

Anayeza moto monga anaphunzirira. Analumikiza waya woyamba, wachiwiri. Wachitatu anakana kulowa. Anakankhanso, osatheka. Ndipo anamva phewa lamanzere likusuntha, dzanja likuchoka pamsana, likubwera kudzathandiza linzake monga lakhala likuchitira zaka zonsezi.

Zala zinakola nsalu. M'thumba lakumbuyo la ovololo munali kansalu kamizere yobiriwira, nsonga yake ili panja. Sanaone nthawi imene a Alton anakalowetsamo. Anakafumbata mpaka zala kuwawa. Anapuma kamodzi, n'kubweza waya uja pang'ono, kumutembenuza, kumukankha ndi dzanja lamanja lokha. Anangomva kuti tche.

Rima anayang'anitsitsa, anakoka wayayo kuti aone ngati wagwira, kenaka anatseka bokosi. Anatulutsa mphete m'thumba lake.

"Valani, amayi. Lolemba mubwere pamzere wachitatu."

A Stosh anatsamiritsa ngowe kukhoma n'kupukuta manja ndi tawulo lofiirira.

A Verna sanachoke msanga. Bokosi linali lotseka tsopano, lololedwa kukhudza. Anasanjikapo chikhatho chimodzi. Chitsulocho chinali chozizira, chosagunda. Ali chiimire choncho anamva kaphokoso kachilendo kochokera m'mwamba, kofewa, kofalikira fakitale yonse. Anapendeketsa mutu.

"A Stosh, chikulira n'chiyani?"

A Stosh anakweza maso kudenga, namvetsera nawonso.

"Ndi mvula, achemwali."

Zaka makumi atatu ndi chimodzi pansi pa denga limenelo, a Verna anali asanaimvepo.