Madzi a Soda M'madamu a Ndere

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha tcheni cha njinga. Chinaduka pafupi ndi msika wa pa boma la Chadiza ndikuchokera kwathu ku Zemba, ndipo wokonza njinga ndiye anandiuza kuti kuseri kwa fakitale yoyenga mafuta a mpendadzuwa akufuna munthu womaliza Giredi 12. Ndinapita ndikuganiza za mpando ndi tebulo. Ndinapeza madamu atatu a simenti, osafika m'maondo, odzaza madzi obiriwira.

Oyang'anira anali a Sakala, mayi wophunzira za madzi, amene ankakhala ku Chipata n'kumabwera kawiri pa sabata. Anandiuza kuti zobiriwirazo ndi ndere. Zimadya zonyansa za m'madzi otayidwa ndi fakitale, ndipo zikachuluka timazisefa, kuziumitsa n'kufinyamo mafuta oti tsiku lina adzayendetse injini. Amayi anga nditawafotokozera anangofunsa ngati ndere zatha kudambo kuti anthu azichita kuzilima.

M'mawa uliwonse ndinkatunga madzi m'kapu pa paipi yochokera ku fakitale n'kuviikamo kapepala koyezera. Kakasanduka kobiriwira ndinkatsegula mpopi kuti madzi alowe m'madamu. Kakada ngati inki, ndiye kuti madziwo ndi aukali, osatsegula. Ndere zimafuna kutakasidwa kuti zonse zizionako dzuwa, ndipo panali gudumu la nkhafi loyendera sola. Linafa pa sabata yanga yachiwiri. Kuyambira pamenepo gudumu ndinali ine, kuzungulira madamu ndi thabwa lokhomera ku nsungwi mpaka mapewa kuchita moto. Zosefedwa pa nsalu ndinkaziyanika pa pulasitiki wakuda, n'kumalimbana ndi nkhuku ndi kamvuluvulu. Pa miyezi iwiri ya thukuta limeneli tinafinya mafuta osadzaza kabotolo ka mankhwala a chifuwa, koma a Sakala ankakaonetsa kwa aliyense wobwera.

Tsiku limene sindiliiwala linali la mu Okutobala. Dzuwa linali litaphwetsa madamu kufika pakati, ndipo timapepala toyezera tinali titatha, ngakhale ndinali nditawakumbutsa a Sakala katatu konse. Anaimba foni kuti mawa lake akubwera ndi alendo ofuna kuthandiza ntchitoyo, choncho madamu akhale odzaza. Ndinawauza kuti ndilibe choyezera, komanso madzi a m'kapu akuterera m'zala ngati sopo.

"Tsegula basi," anatero. "Madzi ake ndi omwe aja a masiku onse."

Ndinatsegula. Pofika masana ubiriwiri unali utayamba kufwifwa. Ndinatakasa mwamphamvu ngati kuti thabwa lingadzutse chakufa, koma pomwe dzuwa limapendeka ndere zonse zinali zitakhala pansi, zotuwa, zikununkha ngati mazira owola. Ndinathamangira ku fakitale n'kupeza a Zuze, bambo wachikulire woyendetsa makina, akupukuta m'manja. Anati m'mawa umenewo anatsuka mathanki ndi soda, monga amachitira mwezi uliwonse, ndipo ankaganiza kuti ndikadali ndi timapepala tanga toyezera.

"Mukanandifunsa, mayi, ndikanakuuzani," anatero. "Ndili pompano tsiku lonse."

Mawa lake alendo anaima m'mbali mwa madamu atagwira mphuno. A Sakala anawauza kuti wantchito ndi watsopano, sanazolowere. Ine ndinali pomwepo, thabwa lili m'manja. Atachoka alendo ndinawakumbutsa za foni ija. Anati iwo anali kutali, amene anagwira madziwo ndi zala ndinali ine. Zinandiwawa kwambiri chifukwa pamenepo sananame.

Tinatha masabata atatu tikukolopa simenti ndi burashi, n'kuyambanso ndi mbewu ya ndere imene a Sakala anabweretsa m'chigubu pa minibasi. Timapepala anabweretsanso, mabokosi awiri. Gudumu silinakonzedwe mpaka ndinachoka patatha chaka.

Chimene ndinatengapo n'chakuti munthu wa pa foni saona zimene zili m'kapu mwako. Lero ndimagwira ntchito ina ya madzi, ndipo aliyense akandifulumizitsa kutsegula mpopi ndisanayeze, kaya ndi wamkulu bwanji, ndimamuuza kuti abwere adzatsegule yekha.