Wayilesi ya Ova m'Landirova ya Akamwini Anga

Lolemba lapitali pakhomo panga panabwera munthu kudzaboola denga la galimoto ya boma, dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe amene anamumanga.

Ndiyambe bwino, poti mwana wanga Maligita amati nkhani ndimaiyambira kumchira.

Akamwini anga, amuna ake a Maligitayo, ndi dalaivala ku ofesi yoyang'anira nyama za m'nkhalango kuno ku Nkhotakota. Timawatchula kuti bambo a Esinati. Landirova imene amayendetsa imagona pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga, chifukwa eni akenso amagona pakhomo panga. Ndi chikamwini. Nyumba yawo adamanga kuseri kwa yanga Esinati asanabadwe, ndipo Esinatiyo pano amasenza ndowa yodzaza.

Zaka zonsezi ine ndi iwo sitinayankhulanepo.

Musadabwe inu a m'tauni, sitidayambane. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Panjira yathu yopita kunyanja pali chitsamba china chimene chidaleka kukula chifukwa cha akamwini anga. Akafuna kundiuza kanthu amauza Maligita, ine ndili pomwepo. "Uwauze amayi kuti mbuzi yawo yalowanso m'chinangwa." Ine n'kuti, "Uwauze kuti ndamva." Maligita akachokapo timadzera mwa mwana. Mwana akasowa amauza nkhuku.

Tsono nkhani imene yakhala ikufuka pakhomo pano ndi iyi. Landirova ija aisamutsira ku kampu ya m'kati mwa nkhalango, kutali, kopanda lamya, n'chifukwa chake amaiika wayilesi. Galimoto ikapita, dalaivala naye wapita. Koma apita yekha, kapena atenga mkazi ndi ana? Kuchotsa mkazi pamudzi pa amayi ake, chitengwa chija, munthu amapempha kudzera mwa ankhoswe. Nkhoswe ya Maligita ndi alongo anga a Yohane. A Yohane adati tikhala pansi tikakolola mpunga. Tidakolola. Adati tikapuntha. Tidapuntha. Kenako adati mwendo ukuwapweteka.

Ine sindinawafulumizitse. Ndifulumizitse munthu kuti andichotsere mwana pakhomo? Madzi azinditungira ndani? Ulusi pa singano azindilowetsera ndani? Komanso ndimadziwa, monga mukudziwira inu amayi anzanga, kuti mwamuna amene wapita yekha ku kampu sakhala yekha nthawi yaitali. M'mphepete mwa nkhalango muli midzi, ndipo m'midzimo muli atsikana odziwa kuphika.

Ndiye Lolembalo kunabwera fundi, mmisiri wa mawayilesi, bambo wamfupi wa ku Limbe, pensulo pakhutu, mawu ochita kuwerenga. Anayala thumba pansi n'kundanditsapo zida zake. Choyamba anakwera pamwamba n'kuboola denga. Akamwini anga anaima poteropo nkhope ili ngati akuwazula dzino. Galimoto imeneyi amaipukuta m'mawa uliwonse asanasambe iwo eni.

Ndinafunsa ngati sipazidontha nthawi ya dzinja. Fundi anandionetsa kamphira kozungulira ndi phula lakuda. Pabowo paja anamangapo mlongoti wautali, woonda ngati bango lowedzera. Waya wofiira anaudutsitsa kunsi kwa mipando mpaka ku batire. Wakuda anayamba wapala penti ndi mpeni, ati uyenera kugwira chitsulo chenicheni, ukagwira penti wayilesi imangolira ngati njuchi. Pakupala pentipo akamwini anapita kukamwa madzi. Chibokosi chenichenicho anachimangirira ndi mabawuti pakati pa mipando, pamene iwo amaikapo botolo la tiyi. Botolo la tiyi pano lilibe kwawo.

"Imagwira nyimbo za pa Sabata masana?" ndinatero ine.

"Ilibe nyimbo iyi, mayi. Ndi yoyankhulirana. Inu muyankhula kuno, uko ayankha."

Atamaliza anati tsopano tiiyese. Anali ndi bokosi lachiwiri loti akaike ku ofesi, koma ku ofesi kunali kotseka. Abwana ndi makalaliki onse anali kubwalo kukonzekera alendo akuluakulu, ndipo amayi onse a dera lathu, Maligita yemwe, anawaitana kukaphunzira nyimbo ndi magule. Ine adandipumitsa kuvina chifukwa cha maondo. Kadi yanga ya chipani ili pamfundo ya chitenje pomwe pano, wofuna kuiona abwere.

Fundi amafuna kukwera basi ya m'mawa, ndiye sanadikire. Bokosi lija analiika pakhonde panga, analumikiza ku batire lina, waya n'kuuponyera mumtengo wa mango. Kenako anayang'ana uku ndi uku. Pakhomo ponse panali ine ndi nkhuku.

"Mayi, ife tilowera njira ya ku Chia. Tiziima, ine ndizikwera padenga kukonza mlongoti, adalaivala azigwira cholankhulira. Inu muzikanikiza kabatani aka n'kumayankhula."

"Ndiziyankhula chiyani?"

"Chilichonse."

Chibadwire palibe munthu adandiuzapo mawu amenewa.

"Ndi ndani?"

"Ndi adalaivala."

Akamwini anayang'ana tayala. Ine ndinayang'ana mango.

"Pali vuto?" anatero fundi.

"Awa ndi apongozi," akamwini anauza tayala.

Fundi anachotsa pensulo pakhutu, n'kuibwezera. "Kuchokera ku Chia simuonana. Wina sapatukira mnzake. Bwana, ine basi yanga ndi ya m'mawa."

Akulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Sadanene kuti kalumoko kameta ndani.

Ananyamuka. Ine ndinakhala pa mpando wanga, ndinakonza duku, n'kukanikiza. Ndinayamba ndi moni, poti ndidaleredwa. Kenako ndinafotokoza za maondo, mmene adayambira chaka chija madzi adalowa m'minda ya mpunga. Maondo ananditengera ku sukulu ya mishoni, kwa mayi uja wachizungu amene ankatiphunzitsa kusoka ndili Sitandade 3, amene ankaopa abuluzi kuposa ng'ona. Kuchoka apo ndinafika pa usipa wa masiku ano, woti ukauyanika umatha ngati wauchapa. Chala chitatopa ndinasinthira china mosamala, kuti kabatani kasadzuke. Ndinamalizira ndi mbuzi.

Kapena ndinene kuti ndinali ndidakali pa mbuzi pamene Landirova inalowa pakhomo.

Fundi anatsika. "Mayi, mawu anu amveka bwino mpaka pa mlatho wa Chia. Amvekanso m'makampu onse. Nanga inu adalaivala munawamva?"

"Ayi."

"Kabatani mumakasiya?"

"Simunanene zosiya."

"Ndinati mukatha munene kuti ova, n'kusiya."

"Sindinathe."

Anakhala pansi pa khonde. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati mwana wa Sitandade 1, kuti wayilesi imeneyi njira yake ndi imodzi, ngati kamzere ka pakati pa minda ya mpunga. Awiri sapitirirana. Ukakanikiza umayankhula koma sumva. Ukafuna kumva uyenera kusiya.

Kenako anatsitsa mawu. Anati pa mlatho paja akamwini anga anavula chipewa, anagwira cholankhulira ndi manja awiri, n'kuyankhula nthawi yaitali thukuta lili kamukamu. Atamaliza anasiya kabatani kuti amve yankho. Chimene anamva ndi ine ndikunena kuti, "Imeneyo ndi yakuba, ndipo sichoka pakhomo pano ili moyo."

Ndimanena mbuzi. Koma ngakhale akadadziwa kuti ndi mbuzi, mungamve bwanji inu, mutapempha chinthu chimene mwachisunga m'mimba miyezi yonseyi, wina n'kukuyankhani za mbuzi?

Ndinasuzumira. Akamwini anali kuseri kwa galimoto akupukuta nyali yoyera kale.

"Tiyeserenso," ndinatero. "Mwina mlongoti wanu sunakhale bwino."

Fundi anandiyang'ana. "Mwinadi," anatero. "Koma mayi, muzisamala zonena. Onse akumva."

Apa ndiye ndinafuna kuseka. Bamboyu akuphunzitsa ndani? Ife pa msika, mu basi, pa maliro, ngakhale pa chitsime, tidazolowera kale kuyankhula ngati onse akumva. Ubwino wa wayilesi iyi ndi wakuti omverawo amadzitchula okha kuti ndife akutiakuti.

Anapitanso. Nditaona kuti afika patali, ndinakanikiza. "Ndili pano. Ova." N'kuchotsa chala.

Bokosi linangoti waaa, ngati mvula pa malata. Ndinadikira. Kudikira si ntchito yanga, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Amayi."

Mawu awo ndimawadziwa. Ndawamva akukalipira ana, akuitana Maligita, akuyankhula ndi nkhuku. Koma ataloza kwa ine ndinali ndisanawamvepo. Ndi aakulu kuposa mmene ndimaganizira.

"Amayi, mwaswera bwanji? Ova."

"Ndaswera, kaya inu? Ova."

"Ndaswera. Amayi, ndikudziwa kuti si njira yake. Njira yake ndi a Yohane. Koma galimoto ikunyamuka Lachinayi. Ndikupempha kuti ndipite ndi mayi a Esinati pamodzi ndi ana. Kuli nyumba ya malata, chitsime chili pafupi. Sindikuwachotsa pa mtundu wawo ayi, kwawo ndi konkuno. Ndikungopempha kuti ndisakakhale ndekha. Ova."

Sindinakanikize. Chala chinali pomwepo, koma sindinakanikize. Ndinayang'ana ndowa ya Maligita itatsamira khoma, ndi mtondo wake, ndi malaya a ana pa chingwe.

Bokosi linatsokomola. Anali mawu ena, a munthu wachikulire. "Pepani mayi a ku boma, ndife a kampu ya kumpoto. Ayankheni bambowo. Tili ndi lipoti loti titumize, ndipo takhala tikudikira kuyambira pa maondo paja. Ova."

Kenako enanso, akutali kwambiri. "Aloleni mayi. Munthuyu akagona kuno amadya zosapsa. Ova."

Mwaona? Nkhani imene a Yohane akhala akuisunga ngati mbewu, tsopano inali pa bwalo la nkhalango yonse. Ndikakana, ndakana pamaso pa anthu amene sindikuwaona. Ndikavomera, ndavomera popanda nkhoswe. Koma munthuyu anali atapempha kawiri, ndipo kachiwiriko ndinamva.

Ndinakanikiza. "Bambo a Esinati, atengeni. Koma mawa mupite kwa a Yohane ndi nkhuku, mukapemphe bwinobwino ngati simunamve kanthu. Iwo akabwera kudzandifunsa, ndiyamba ndakana pang'ono. Musadzadandaule. Ova."

"Zikomo amayi. Ova."

"Mlongoti uli bwino," anatero fundi chapatali. "A kumpoto, tumizani lipoti lanu."

A Yohane mwendo unapola tsiku lomwelo nkhuku itafika. Anabwera, anakhala pa mpando, anafotokoza nkhani yonse kuyambira pachiyambi ngati yachilendo. Ine ndinakana pang'ono. Iwo anandinyengerera mwaluso ndithu, ndipo mpaka lero akuuza anthu kuti akadapanda iwo banja lija likadapasuka. Asiyeni.

Tsono ndakhala ndikuganiza za kabatani kaja. Mwambo sindikuunyoza. Ulemu wa mkamwini ndi wabwino, wasunga mtendere m'makomo ambiri momwe pakamwa pakadabutsa moto. Atabwerako ku Chia akamwini anazungulira kuseri kwa nyumba monga mwa masiku onse, ndipo ine ndinakondwa kuti anatero. Koma ulemu umene mawu ake onse ayenera kudzera mwa munthu wodwala mwendo, kodi sufika mochedwa?

Ndipo taonani misonkhano yathu. Wakutsogolo amakanikiza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chala chikatopa amasinthira china. Pomaliza amati, "Pali funso? Palibe. Zikomo pogwirizana nazo." Ife pansi n'kuwomba m'manja. Mwina ena anayankhula, koma anamva ndani? Sindinatchule kuti ndi msonkhano wanji. Ndikunena wa komiti ya chitsime.

Lachinayi anapakira. Matumba a ufa wa chinangwa, mphasa, mtondo, ana pamwamba pa katundu. Mlongoti unakola nthambi ya mango potuluka, mango awiri osapsa n'kugwa pa boneti. Maligita analira, ine ayi, chifukwa wina amayenera kuona ngati atenga zonse.

Dzulo ndinavala chitenje chabwino n'kupita ku ofesi kuja. Bokosi lija aliika pa tebulo, analifunditsa nsalu. Ndinapempha kalaliki kuti ndingomva ngati anafika bwino. Mnyamata waulemu ndithu, anandipatsa mpando. Anati anafika, koma wayilesi ndi ya ntchito za boma zokha. Munthu wamba amaloledwa kuyankhulapo pokhapokha ngati akudzanena za nyama imene yawononga, monga njovu ikalowa m'munda.

Munda ndili nawo, chinangwa chake n'chokhwima bwino. Kodi mwa inu owerenga, alipo amene angandibwereke njovu?